Zigayo Zitatu, Thiransifoma Imodzi

Alipo anthu ku Engutwini amene mpaka lero amanena kuti Cecilia NyaShaba anachita ulesi pa maliro a bambo ake. Bodza lamkunkhuniza! Olankhula choncho ndi aja amafika pamaliro nthawi ya chakudya n'kuchoka bokosi lisanatuluke m'nyumba. Ngati pali munthu amene anathera mapazi pokonzekera tsiku limenelo, ndi Cecilia yemweyo.

Nkhani yake inayenda motere. A Anderson Shaba, mlimi wa fodya, anamwalira kuchipatala ku Mzimba boma mvula ili pakati, fodya atafika m'chiuno. Anasiya ana awiri. Wamng'ono ndiye Cecilia, amene amasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Jenda. Wamkulu ndi Louis, amene anapita ku Joni kalekale ndipo mapepala ake anatha ntchito chaka chomwe anafikiracho. Kuti abwere kumaliro, pachipata cha dzikolo akanamudinda chidindo choletsa kubwereranso, mkazi ndi ana n'kutsala okha kumeneko. Wa ku Mzimba safunika kumufotokozera zimenezi, poti nyumba yopanda mwana ku Joni ndi yochita kufunafuna.

Louis atamva uthenga anaimba foni akulira ngati mwana.

"Mlongo wanga, ndapota," anatero. "Sindikupempha zambiri. Ndione nkhope ya adada bokosi lisanatsekedwe. Ndinachoka asanamere imvi ndi imodzi yomwe."

"Muiona, adumbu," Cecilia analonjeza mlongo wakeyo. "Zimenezo ndisiyireni ine."

Mwina muti, nanga vuto lili pati, si kungojambula chithunzi n'kutumiza? Ndiye kuti a Shaba simunawadziwe. Zaka zingapo m'mbuyomo anamwalira mnzawo wapamtima, a Ishmael, ndipo wachibale wina anawajambula ali m'bokosi, thonje lili m'mphuno. Chithunzicho chinayenda m'mafoni mpaka a Shaba anachipeza pa Jenda, anyamata a kabaza akupatsirana n'kumaseka. Mkuluyo anabwerera kunyumba atakwiya kwambiri, nasonkhanitsa banja lonse pansi pa mtengo wa mango. "Ine ndikadzafa," anatero, "wondijambula asadzapondenso pakhomo pano." Mawu amenewo anawasungitsa kwa mlongo wawo, ankhazi Kezia, mayi amene akati ayi, ngakhale mbuzi imasiya kudya chimanga.

Choncho Cecilia anakagwada pamaso pa ankhazi akewo.

"Ankhazi, si kujambula ayi. Zili ngati kusuzumira pawindo. Adumbu aona pomwepo, ndipo foni ikazima palibe chotsala."

"Nanga iye uko sajambula?"

Anamuimbira Louis, iye analumbira pali Mulungu ndi pali manda a amayi ake. Ankhazi anasisita mawondo.

"Mbwenu aone," anatero pomaliza. "Ndi mwana woyamba, aone ndithu. Koma chithunzi chikatsala m'foni mwako, iwe ndi ine tidzalekanirana kumanda komweko."

Tsiku lokatenga thupi ku mochale, Cecilia anasiya amuna akukambirana za bokosi, iye n'kukwera kabaza kupita kuseri kwa msika. Kumeneko kunali kachipinda ka Yotam, mwana wa ankhazi Kezia, amene amakonza makompyuta ndi kulumikiza intaneti m'maofesi a pa boma. Awiriwa anali pachisuweni, ndiye ngakhale pachisoni sakanatha kupatsana moni popanda kunyogodolana.

"Asuweni, lero ndiye muonetse kuti sukulu ija simunkapitira phala lokha," anatero Cecilia akupukuta misozi.

"Khalani pansi, mkazi wanga wosandiphikira," anayankha Yotam, naye maso ali psuu.

Ndipo kunena zoona mnyamatayo anagwira ntchito. Anamupatsa foni yachiwiri kuti ina ikazima ina ikhalepo. Anaika simukhadi ya kampani iyi m'foni imodzi, ya kampani inayo m'foni inayo, zonse ndi bandulo yonenepa. Anamubwereka pawabanki yotchajira mafoni, yolemera ngati njerwa. Kenaka anaika mapulogalamu atatu osiyanasiyana oimbirana mukuonana, namuuza Louis kuti aike omwewo kumene aliko.

"Njira zitatu izi," anatero Yotam akuwerenga ndi zala. "Makampani atatu, eni ake osadziwana n'komwe. Kuti zonsezi zife tsiku limodzi, ndiye kuti dziko latha."

Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Koma ndani akanamutsutsa? Atafika kumudzi masana amenewo, Cecilia anazungulira nyumba yonse foni ili m'mwamba mpaka anapeza kuti netiweki imagwira bwino pawindo loyang'ana kuchigafa cha fodya. Anapempha kuti bokosi aliike pafupi ndi windo limenelo. Anatuluka panja n'kuyesa mapulogalamu onse atatu, ndipo onse anagwira. Louis anaona mtengo wa mango, anaona khola, anaona amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, akutsika m'ngolo, nalira poona kuti denga la nyumba yomwe anabadwira lachita dzimbiri. Anafuna kuona bambo ake pomwepo, koma ankhazi anakana. Thupi linali lisanavekedwe, ndipo nkhope imaonedwa nthawi yake ikakwana, osati mwakuba.

Kunacha tsiku loika maliro kuli mitambo yakuda cha ku Viphya. Adzukulu anali atalawirira kumanda, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anatumiza mawu kuti nyumba ya malemu yatha kukumbidwa. Mkulu wa mpingo anaimirira pakhomo nalengeza kuti yakwana nthawi yoona nkhope. Anatsegula bokosi. Ankhazi anakweza dzanja kuti anthu adikire.

"Ayambe mwana wamkulu," anatero.

Cecilia anaima pawindo paja nadina pulogalamu yoyamba. Kanthu kozungulira kaja kanayamba kuzungulira, kuzungulira, osaleka. Anadina yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu inangolemba kuti siikupeza kolowera. Anayang'ana pamwamba pa foni, timizere ta netiweki tonse tili njo, todzaza kuposa dzulo. Anatenga foni yachiwiri. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, zonse zii.

"Asuweni!" anaitana motsitsa mawu.

Yotam anadutsa pakati pa azimayi mowerama, natenga mafoni onse awiri. Anazimitsa, anayatsa, anasinthanitsa masimukhadi, anayesa yake ya m'thumba. Palibe. Mkulu wa mpingo anakhosomola. Ankhazi, pofuna kupatsa mwana wa mlongo wawo mpata, analoleza kuti anthu ena ayambe kuona. Mzere unayamba kuyenda, azimayi akulira, azibambo zipewa zili m'manja, ndipo Cecilia ankangopemphera kuti mzerewo usathe. Kumbuyo kwake manong'onong'o anali atayamba kale.

"Sanagule bandulo ameneyu."

"Za matama basi. Mafoni awiri ngati nduna."

Cecilia anamva zonse. Yotam anathamangira pachulu cha kuseri kwa khola n'kuimbira mnzake wa ku Lilongwe pa foni wamba, ija yongomva mawu. Cecilia anamutsatira, chitenje chikukola m'zitsamba. Anamupeza atatsitsa foni, nkhope itagwa.

"Vuto si lathu kuno," anatero Yotam. "Si bandulo, si netiweki, si mafoni. Ku Lilongwe nakonso zaima. Akuti ndi maiko ambiri."

"Zaima bwanji zitatu nthawi imodzi? Si paja munati eni ake sadziwana?"

Yotam anati, "Mvetserani, asuweni. Foni siidziwa mayina, imadziwa manambala. Mukadina pulogalamu, foni imayamba yafunsa kuti, kodi dzina ili limakhala pa nambala iti? Ndiye pali makampani amene ntchito yawo ndi kuyankha funso limenelo basi. Kale oyankha anali ambirimbiri, ena ankadzisungira okha mayina awo. Masiku ano ambiri anakasungitsa mayina kwa makampani akuluakulu ochepa, oti mungawawerenge pa dzanja limodzi. Imodzi mwa amenewo yagwa m'mawa uno. Foni ikufunsa, woyankha palibe."

"Yagwa kuti?"

"Kutsidya kwa nyanja uko."

"Chabwino, imodzi yagwa. Nanga ziwiri zinazi?"

"Onse atatu anasungitsa mayina awo kwa yemweyo."

Cecilia anamuyang'ana ngati amulume. "Ndiye mukundiuza kuti zili ngati zigayo zija za pa Jenda? Zitatu, utoto wosiyana, eni ake osiyana, koma thiransifoma ikapsa tonse timabwerera ndi chimanga pamutu?"

"Ndi momwemo."

"Ikani ina yachinayi!"

"Ndayesa. Kotengera mapulogalamu nakonso sikukutseguka."

"Inu mumadziwa zimenezi dzulo?"

"Kuti makampaniwo ndi ochepa ndimadziwa. Koma kuti atatu onsewa ali pa mmodzi, sindinafufuze. Ndani amafufuza? Salemba poonekera."

Apa ndiye pondipsetsa mtima ine, abale. Munthu wachita zonse zimene wanzeru angachite. Sanaike mazira ake onse m'chisa chimodzi, wagula ziwiriziwiri, wayesa dzulo lake, wasuntha ndi bokosi lomwe kulondola netiweki. Osadziwa kuti kutali uko anthu ovala bwino anagwirizana kalekale, aliyense payekha, kuti n'zotchipa ndiponso zosavuta kusungitsa makiyi a nyumba zonse kwa mlonda mmodzi. Anafunsa ndani? Mlondayo akagwa ndi malungo, mudzi wonse ugone panja? Ndipo mlonda wake woti simumudziwa dzina, simunamulembe ntchito, simungamuitanire kubwalo. Zamanyazi!

Atabwerera kunyumba anapeza mzere watha. Akwaya anali atayamba nyimbo ina yongotalikitsa nthawi. Pakhomo panaima a Stafford, mkulu wa adzukulu, matope ali m'maondo, akulankhula ndi ankhazi mosabisa mawu.

"Amama, taonani kumwambaku. Dzenje likadzaza madzi, munthuyu tikamuika m'chitsime? Ife tagwira ntchito yathu. Za mafoni sitikuzidziwa."

Sankalakwa a Stafford. Mphepo inali itayamba kale kugwedeza masamba a fodya, ndipo fungo la mvula linali litafika. Ankhazi anayang'ana Cecilia, ndipo kwa nthawi yoyamba m'maso mwawo munalibe ukali.

"Nyimbo imodzi," anatero. "Ikatha titseka."

Nthawi yomweyo foni inalira m'manja mwa Cecilia. Anali Louis, pa foni wamba.

"Cecilia! Ukutani kodi? Ine ndajomba kuntchito, ndakhala pano chigwirire foni! Ukundizimitsira dala?"

"Adumbu, zakanika. Zonse zitatu. Akuti kwagwa kampani ina kunja, yosunga mayina..."

"Mayina a chiyani? Usandiuze nthano! Atseka?"

"Atsala pang'ono."

Louis anapuma mwamphamvu, kenaka mawu ake anatsika, nakhala aulemu moopsa. "Mlongo wanga, jambula. Kamodzi kokha. Zikayamba kugwira unditumizire, ndikaona ndifufuta, nawenso ufufute. Palibe adziwe. Ndapota chomene, ndine mwana wawo inenso."

Yotam, amene anamva zonse, anasendera pafupi. "Amama alowa m'nyumba, aweramitsa mutu, akupemphera," ananong'oneza. "Ndikuimirirani kutsogolo. N'kungodina kamodzi."

Cecilia analowa m'nyumba naima pambali pa bokosi. Ankhazi analidi ataweramitsa mutu, kaya mwangozi kaya mwadala, zimenezo akudziwa okha. Foni yachiwiri inali m'dzanja lake lamanzere, kamera ili yotseguka, chala chili pamwamba pa podina. Anayang'ana bambo ake. Anagona mwaulemu wawo wonse, ndevu zometedwa bwino, kolala yowongoka imene iye mwini anaisita m'mawa. Munthu amene moyo wake wonse sanapemphe kanthu kwa ana ake koma chinthu chimodzi chokha, ndipo tsopano analibe pakamwa pokanira. Mtima wa Cecilia unawawa ngati wathiridwa tsabola. Anakwiyira Louis pomupempha, anakwiyira Yotam pomuthandiza, koma koposa anakwiyira anthu osawadziwa aja, amene anamuika pakati pa bambo wakufa ndi mlongo wamoyo kuti asankhe womulakwira.

Anazimitsa kamera naika foniyo m'chitenje.

"Adumbu, sindijambula," anatero pa foni inayo. "Tsinzinani, ndikuuzeni."

"Cecilia..."

"Tsinzinani! Mutu wonse ndi woyera, mbuu, ngati ufa. Chipsera chija cha pamwamba pa diso, chimene inawagunda ng'ombe yapangolo inu mutaiwala kumanga goli, chilipo, koma chalowa m'makwinya. Masaya alowa pang'ono. Avala jekete yabulawuni ija munatumiza, imene ankati ndi yotentha kwambiri koma ankaivala Sabata lililonse. Milomo aitseka monga ankachitira akafuna kuseka koma osafuna kuti tione."

M'nyumba monse munali zii, akwaya okha panja ndi amene ankamveka. Ku Joni kunkangomveka kufwenthera.

"Ndikuika foni pakhutu pawo. Lankhulani."

Zimene Louis ananena kwa bambo ake palibe anazimva, ndipo Cecilia sanafunse. Anagwira foniyo pamenepo mpaka nyimbo inatha. Ankhazi anadzutsa mutu nagwedeza, amuna awiri anabweretsa chivundikiro, ndipo Louis anamva yekha kulira kwa hamala.

Kumanda anafika kukuwaza. Mwambo unathamangitsidwa, m'busa anadula ulaliki pakati, adzukulu anagwira makasu mwachangu kupikisana ndi mtambo. Dothi linakwera, analiumba bwino, achibale anayamba kuitanidwa kuika nkhata. Cecilia atangogwada kuti aike yake, m'chitenje munalira kanyimbo kaja ankakadikira m'mawa wonse. Mvula ikakuona litsiro siikata, ndithu. Anatulutsa foni, ndipo nkhope ya Louis inaoneka bwinobwino, yowala, mpaka misozi ya m'masaya kuoneka.

"Zayamba!" anakuwa Louis. "Zayamba kugwira! Ndionetse!"

Cecilia anatembenuza foni pang'onopang'ono. Louis anaona mulu wa dothi lofiira, nkhata zamapepala zikunyowa, ndi mapazi a adzukulu.

"Wajambula eti?" anafunsa. "Ndiuze kuti wajambula, unangoopa ankhazi."

"Sindinajambule, adumbu."

Nkhope ija inazimiririka. Anali atadula.

Madzulo ake, anthu atayamba kubalalika, Cecilia anakhala pakhonde la chigafa akuyang'ana mvula. Yotam anabwera mwamanyazi nakhala chapatali, foni ili m'manja.

"Atulutsa uthenga," anatero. "Kampani ija."

"Akuti chiyani?"

Yotam anawerenga Chingerezicho chamumtima, kenaka n'kumasulira. "Akuti panali kulakwitsa pang'ono pokonza makina awo. Akuti vutoli linali la kanthawi kochepa ndipo akonza. Akupepesa makasitomala awo chifukwa cha kusokonezeka."

"Ndipatseni nambala yawo."

"Asuweni..."

"Ndipatseni! Ndiwauze ndekha za kanthawi kochepako. Ndiwauze kuti a Anderson Shaba anali ndani."

"Alibe nambala yoti inu n'kuimba. Ndipo akupepesawo si inu. Makasitomala awo ndi makampani a mapulogalamu aja. Inu ndi ine sitili m'gulumo."

"Ndiye awamana adumbu nkhope ya adada, andilakwitsa ine, koma sakundidziwa n'komwe?"

"Sakukudziwani."

"Nanga mapulogalamuwo achoka kwa iyeyo tsopano?"

Yotam anapukusa mutu. "Mwina ena. Koma akachoka apita kwa mnzake wamkulu ngati yemweyo. Kopita n'kochepa."

Cecilia anaseka kuseka kopanda chimwemwe, kuja amaseka munthu akapsa mtima mpaka misozi kuuma. "Pali zinanso alemba?"

Yotam anazengereza, koma anawerenga. "Akuti akufuna kutsimikizira aliyense kuti palibe chimene chatayika."

"Bwerezani."

"Palibe chimene chatayika."

Cecilia anayang'ana cha kumanda, kumene mvula inali itayamba kale kufufuta mapazi a anthu m'njira. Kenaka anatenga foni naimbira Louis pa pulogalamu yoyamba. Inalowa bwinobwino. Anayesa yachiwiri, nayonso inalowa. Yachitatu chimodzimodzi, inaitana momveka bwino mpaka kudziduka yokha. Zonse zitatu zinali zikugwira ntchito, koma Louis sanayankhe.